Mtsiro wa pa Njewa

Kawale, Lilongwe
18 Disembala 2006

Achimwene a Nedson,

Eni ake a katundu alengeza pa wailesi kuti dothi lonse lomwe linatayika pamene thiraki yawo inagwa pa Njewa latoledwa, labwezedwa m'matumba, ndipo lapitiriza ulendo wake. Ati pamalopo pasesedwa bwinobwino, palibe ngakhale dzanja limodzi la dothilo lomwe latsala ndi anthu, choncho wina aliyense asade nkhawa. Analengeza m'Chingerezi, kenako m'Chichewa, kuti tonse timve.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale m'malo. Tsopano moni. Muli bwanji ku Pretoria? Kuno tilipo, kupatula mvula yomwe yatsegulanso maenje onse a mumsewu wa ku Chinsapo.

Thirakiyo imachokera ku Congo kudzera ku Mchinji. Inagwa pokhota, matumba ena n'kuphulika. Matumba ake ndi aakulu, oti munthu n'kugonamo. M'katimo munali dothi losalala ngati ufa, lachikasu chobiriwirako. Eni ake anafika mawa lake. Alamu anu a Levison, amuna a Vaileti, anafika tsiku lomwelo. Amachokera kosiya mchenga ndi ngolo yawo ya abulu, ndipo mukuwadziwa, ngolo yawo siibwerera yopanda kanthu. Dothilo anafika nalo kwa Amayi ku Chinsapo.

Amayi akuti chichokereni ku Dedza sanaonepo mtsiro wokongola chonchi. Azira pansi ponse, khonde, ndi makoma mpaka m'chiuno, pakhomo ajambulapo maluwa. Anthu akumaima pamsewu kuyang'ana. Ine ndimagulitsa simenti sabata yonse kusitolo, koma Amayi akuti simenti imazizira kumapazi.

Nkhani ina sitikuinena mokweza. Vaileti ndi woyembekezera, miyezi yoyambirira. Chakudya chilichonse chikumununkhira, kupatula dothi. Poyamba amagula la pamsika, tsopano akungobenthula khoma la kuchipinda kwake. Akuti ili ndi lokoma kuposa la chulu. Kuseri kwa chitseko kwayamba kale kaphanga.

Chandilembetsa kalata ndi ichi. Anthu amene anabwera kudzatola dothi anavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pamphuno atatseka, m'manja atavala magolovesi. Mmodzi anali ndi kabokosi kolira ngati nkhululu akakayandikitsa pansi. Ine sukulu ndinalekera Folomu 4, koma sindinamvepo dothi wamba lofuna zovala zotere. Inu amene mumapima dothi ndi madzi kulabu kwanuko, tandiuzani.

Kalatayi ndapatsira a Shaibu a thiraki. Pobwerera musawabweze chimanjamanja, Amayi akuyembekezera ya Khirisimasi.

Ndine mlongo wanu,
Ennie

Pretoria
8 Januwale 2007

Mlongo wanga Ennie,

Moni wa chaka chatsopano. A Shaibu anachedwa paboda, kalata yako ndailandira dzulo. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndipo mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Kabokosi kolira kaja kamapima mphamvu yosaoneka yomwe imatuluka m'miyala ina. Miyala ya kopa ya ku Congo nthawi zina imasakanikirana ndi yureniyamu, ndipo yachikasu chobiriwirako ndi imene timaikayikira kwambiri. Sindikunena kuti ndi yomweyo, mwina ndi dothi wamba ndithu. Koma yureniyamu sinunkha, siyabwa, siwotcha pakhungu. Kuigwira tsiku limodzi si nkhani yaikulu. Kupuma fumbi lake tsiku ndi tsiku, makamaka kuidya, imakakhala mu impso ndi m'mafupa. Ndipo chimene mayi wadya, mwana wa m'mimba wadyanso.

Vaileti asiye lero lomwe. Amayi asasese m'nyumba pouma, aziyamba awaza madzi.

Kuno tili ndi makina oti angatiuze zoona. Dothi timalisungunula mu asidi mpaka lisanduke madzi. Makinawo amapopera madziwo m'lawi lotentha koopsa, zonse n'kuphwanyika kukhala tizidutswa tosaoneka, kenako amatisankha malinga ndi kulemera kwake, monga momwe Amayi amapetera, gaga kwake, mphale kwake. Yureniyamu ndi yolemera, siingabisale. Ngakhale ichepe ngati kambewu kamodzi ka mchenga m'ngolo yonse ya alamu, makina amaiona. Abwana anga andilola kupima ntchito ya tsiku ikatha.

Munditumizire izi, chilichonse m'kajumbo kake: dothi lopala pakhomo penipeni pamene mumaponda polowa, dothi la pakhoma la kuchipinda kwa Vaileti, madzi a mumtsuko, tsitsi la Vaileti lometa kunkhongo pafupi ndi khungu, ndi zikhadabo zake. Tsitsi ndi zikhadabo zimasunga zomwe zalowa m'thupi.

Ndinaimba foni pagolosale paja ku Chinsapo, anakawaitana Amayi, ndinawafotokozera zonsezi. Anangokhala chete mpaka mayunitsi anandithera. Mwina samandimva bwino. Ukawawerengere kalatayi.

Mlongo wako,
Nedson

Chinsapo
28 Januwale 2007

Mwana wanga Nedson,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Dzanja ndi la Vaileti, mawu ndi anga. Shuga ndi nsalu zinafika, Mulungu abwezere pomwe wachotsa. Ukudya bwino kumeneko? Kutchalitchi ukupita?

Ennie anabwera kudzatiwerengera kalata yako. Ndinamva zonse, pafoni paja ndinamvanso. Ennie ali ndi pakamwa. Nkhani ya munthu wamkazi ikakhala ya miyezi yoyamba sauza mlongo wamwamuna, nanjinanji kuilemba papepala kuti iwoloke maboda. Koma zatheka kale.

Zimene unapempha ndakonza ndekha, Ennie ndinamuuza kuti asavutike, ali ndi ntchito. Ndamanga bwino, ndapereka m'manja mwa a Shaibu. Sindinafunse kuti ndi ntchito yamtundu wanji yofuna tsitsi ndi zikhadabo za munthu ali m'mene alili mlongo wako. Ine sindinapite kusukulu. Kwathu dothi la pakhomo silituluka m'mudzi, koma mwina ku Joni malamulo ndi ena. Zonse tazipempherera ndi Mai Jeremiah, aneba athu aja otsogolera mapemphero, tisanatseke phukusi.

Mwana wanga, chuma chabwino ndi cha thukuta. Chikachedwa, chichedwe. Atate ako anafa osauka koma anagona tulo.

Ndine mayi wako

Achimwene, ndine Vaileti. Dothi ndachepetsa, ndikungonyambita pang'ono ndikamva mseru.

Pretoria
26 Febuluwale 2007

Mlongo wanga Ennie,

Moni, ndipo pumira m'mwamba. Ndapima zonse, ndabwerezanso kuti nditsimikize. Palibe choopsa. Dothi lililonse padziko limakhala ndi kayureniyamu kochepa, ndipo la kwathuli lili ndi kochepa komweko, ngati la m'munda wina uliwonse. Madzi ali bwino. Tsitsi ndi zikhadabo zili bwino. Ndinatuluka m'labu ndikuimba nyimbo ya kwaya, mzungu wa pageti anandifunsa ngati ndawina mpikisano.

Ukawauze Amayi kuti ndinawaopseza pachabe, andikhululukire. Nyumba yawo ikongole momwe akufunira. Kalata yawo inali ndi mawu ozungulira omwe sindinawamvetse, mwina ndi ukalamba.

Ziwiri zokha zandiseketsa. Iwe unati dothi ndi lachikasu, koma landifika lofiira ngati la njerwa. Kapena maso ako ayamba kufuna magalasi? Ndiye umuuze Vaileti kuti imvi zamufulumira. M'kajumbo kake theka la tsitsi linali loyera.

Undiuze nthawi ikayandikira, ndayamba kuyang'ana tizovala.

Nedson

Kawale
19 Malichi 2007

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, chifukwa mukamaliza kuwerenga kalata ino simukhala bwino.

Maso anga safuna magalasi. Dzulo potuluka kutchalitchi ndinakwera minibasi ya ku Chinsapo. Ndinapeza Amayi ndi Mai Jeremiah pakhonde akusadzula nkhwani. Nditapereka moni ndinati, "Amayi, achimwene akuti Vaileti ali ndi imvi."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Imvizo ndi za a Gilford, mkulu wa mpingo. Anakametetsa pamsika, ife tinangopempha ometa kuti tiwasesere."

"Nanga dothi?"

"La kuseri kwa tchalitchi, malo odalitsidwa. Akalimange tione."

"Zikhadabo?"

"Zanga," anatero Mai Jeremiah akundionetsa zala. "Ine zanga sizigwira mankhwala, mwana wanga. Anayesapo ambiri."

Madzi anakatunga pakiyosiki, ngakhale m'botolo la pakhomo sanathiremo, anachita kugula latsopano. Choncho makina anu a mamiliyoni aja anapima mutu wa a Gilford ndi zala za Mai Jeremiah, ndipo ndine wokondwa kukudziwitsani kuti onse awiri ali bwino.

Ndinafunsa chifukwa. Amayi anasiya kuseka. Anati, "Iwe Ennie, sukulu inakutseka maso. Tsitsi, zikhadabo, dothi la pamene munthu amaponda, zonsezo za munthu wapakati. Pita kwa sing'anga aliyense ukamufunse chizimba cha chuma, akakuwerengera zomwezo. Atate ako anamwalira chaka chomwe mlongo wakoyo anagula galimoto. Ine sindikunena kanthu, ndi mwana wanga. Koma ku Joni anthu amasintha."

Achimwene, musakwiye, koma munthu wosadziwa labu akamva zomwe munapempha, sangazisiyanitse ndi za kwa sing'anga. Inangosowapo nkhuku yakuda. Inenso powerenga tsiku lija ndinaona nkhope ya Amayi ikusintha, ndinangoti ndi dzuwa.

Choipa kwambiri ndi ichi. Kalata yanu yonena kuti zonse zili bwino ndinaitumiza ku Chinsapo ndi mtima woyera, ndipo Vaileti anaimva ngati chilolezo. Kaphanga ka kuseri kwa chitseko tsopano n'kolowa mutu wa munthu. Alamu anasunga dothi lotsala m'matumba kuseri kwa nyumba, Amayi aziranso kukonzekera Pasaka. Amasesa m'mawa uliwonse pouma, fumbi lachikasu lili pambale, pabulangete, paliponse.

Ndinadandaula mutu, ndinapempha kukagona pang'ono kuchipinda. Ndinapala khoma ndi supuni, ndinapalanso pansi, ndinachotsa tsitsi lonse pachipeso cha Vaileti. Ndikumanga kajumbo komaliza, Vaileti analowa. Anandiyang'ana m'manja, anayang'ana chipeso, anagwira mimba yake n'kunena motsitsa, "Achemwali, inunso?" Kenako anakuwa.

Zotsatira sindilemba zonse. Aneba anadzaza pampanda. Ndinabweza kajumbo kamodzi, ka dothi la pansi; ka tsitsi ndi ka dothi la pakhoma ndinali nditabisa kale m'kamisolo. Amayi anandiperekeza ndi tsache mpaka pamsewu, anati ndisadzapondenso pakhomo pawo, popeza ndasankha kudya nawo za ku Joni.

Zomwe muli nazo m'manjamo ndi zenizeni. Zikhadabo ndalephera. Pimani msanga. Nkhope ya Vaileti ndinaiona yotupa, ndipo si kutupa kwa kunenepa.

Ennie

Chinsapo
3 Epulo 2007

Nedson,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinakubala. Walemba ndi Levison, mlongo wako sakutha kukhala tsonga nthawi yaitali.

Bweza tsitsi la mwana wanga.

Chichokereni Ennie ndi tsitsi lija, Vaileti miyendo yatupa mpaka m'maondo. Msana ukumupweteka m'munsimu, akusanza, kubwalo akupita mwa apo ndi apo ndipo madzi ake ndi akuda. Mai Jeremiah akugona konkuno, tikupemphera osalekeza. Kuchipatala sitinapite, za chonchi jakisoni amangoziputa.

Sindinauze abale a ku Dedza. Sindikufuna dzina lako liwonongeke. Amene anakunamizayo ukamuuze kuti wasintha maganizo, tsitsilo ulimange momwe linabwerera, upatse a Shaibu. Sindidzakufunsa kanthu, sitidzaikambanso.

Ngati anakuuza kuti popanda munthu sizitheka, tenga ine. Ndakalamba, ntchito yanga ndinamaliza. Ndikutumizira langa tsitsi m'kalata muno, ndameta ndekha, ndi langa ndithu. Musiye Vaileti ndi kanthu kali m'mimbako.

Mayi wako

Alamu, ine ndangogwira cholembera. Koma ngati vuto ndi dothi lija, mundiuze pandekha, osati pamaso pa apongozi. Levison.

Pretoria
17 Epulo 2007

Ennie,

Moni. Pafoni paja mawu amadukaduka, ndiye ndikulemba zomwezo kuti pasakhale cholakwika. Ndatumiza pabasi, a Shaibu sindikanawadikira.

Dothi lako nditalilowetsa, makina anakana kuwerenga, zinachuluka. Ndinasungunula ndi madzi ambiri, anakanabe. Ndinasungunulanso. Pamene anavomera, yureniyamu inali yoposa ya dothi wamba maulendo mazanamazana. Abwana anga anabwera ndi kabokosi kolira kaja, atakayandikitsa pakajumbo kako anandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo. Anakanyamula ndi chopanira n'kukatsekera m'chitini. Kajumbo komwe iwe unasunga m'kamisolo, Ennie. Makina tinawatsuka tsiku lonse. Abwana anandifunsa kuti ndi za mgodi uti. Ndinati ndi za kuchipinda kwa mlongo wanga.

Tsitsi ndinalitsuka kaye kuti fumbi la kunja lichoke. Yureniyamu ili m'kati mwake. Ndiye kuti ili m'magazi mwake. Kutupa kuja, msana, madzi akuda, ine si dokotala koma ndikuopa impso.

Vaileti atuluke m'nyumba imeneyo lero, apite kuchipatala. Pepala la Chingerezi lili m'katimu asayina abwana anga, ukapereke kwa dokotala m'manja. Dothi lonse lichotsedwe, pansi, makoma, khonde, ndi la m'matumba. Alinyowetse kaye, atseke pakamwa ndi pamphuno, akalikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi zitsime. Ukauzenso eni ake a katundu, ndi awo.

Ndikanakwera basi ndekha, koma pasipoti yanga ili kuofesi kowonjezera chilolezo cha ntchito, sindingadutse paboda. Pagolosale ndaimba, Amayi akukana kubwera pafoni.

Kalata yawo ndinakaiwerengera kuchimbudzi cha kuntchito kuti anzanga asandione. Tsitsi lawo loyera lili m'thumba la malaya anga, sindikudziwa kuti ndiliike pati. Ine ndi amene ndinalemba kuti zonse zili bwino. Ndikatseka maso ndikuona Vaileti akubenthula khoma, kalata yanga ili pamphasa.

Chita chilichonse, Ennie. Chilichonse.

Nedson

Kawale
6 Meyi 2007

Achimwene,

Moni. Vaileti ali kuchipatala, dothi lachoka m'nyumba. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa zotsalazi simuzikonda. Munati chilichonse.

Ndinayamba ndi zoona. Ndinaima kunja kwa mpanda ndi pepala lanu, ndikumasulira mzere ndi mzere mokuwa. Amayi anatseka chitseko, Mai Jeremiah anayambitsa nyimbo. Ndinabwerera mawa lake, chimodzimodzi. Alamu anandipeza pamsewu, anati akundikhulupirira, koma mkamwini sangagumule nyumba ya apongozi, ndipo Vaileti akangomva dzina langa akubisa mutu m'bulangete. Kuofesi ya eni katundu mutauni anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako anandipatsa pepala la zomwe analengeza pa wailesi zija kuti ndikawerenge kunyumba.

Pawindo ndinamuona Vaileti. Maso atsala ting'onoting'ono chifukwa cha kutupa. Pakamwa pake panali pachikasu.

Ndiye Lachitatu ndinavala chitenje ndi mpango, ndinagwada pageti, ndinaitana Mai Jeremiah. Ndinati ndabwera kudzaulula. Chitseko chomwe chinakana pepala la abwana anu chinatseguka nthawi yomweyo.

Ndinati, "Amayi, munanena zoona. Achimwene anapita kwa munthu."

Amayi anakhala pansi pomwe anaimapo.

Ndinati, "Koma tsitsi linali longophimbira. Chizimba chenicheni ndi dothi lomwe ndinapala lija. Alimanga kumeneko, ndiye dothi lonse la mtundu umenewo lamangidwa. Ogona pamenepo akuyamwidwa, wodya ndiye akuyamwidwa kwambiri. Ndamva chisoni, n'chifukwa chake ndabwera."

"Ndinalota ine!" anakuwa Mai Jeremiah. "Sindinanene kuti ndinalota nyumba yachikasu ikumira?" Sanalotepo, koma sindinawatsutse.

"Tichite chiyani?" anafunsa Amayi.

Ndinawapatsa malangizo anu onse, ndinangowasintha zovala. Ndinati mankhwalawo amayenda ndi fumbi, ndiye alinyowetse kaye, Mai Jeremiah apempherere madziwo. Atseke pakamwa ndi pamphuno kuti chisalowe. Mbale, miphika ndi zofunda zitsukidwe panja. Dothi likakwiriridwe kwakuya, kutali ndi madzi, kuti lisapeze njira yobwerera. Ndipo Vaileti akagone pamalo a simenti, pagulu la anthu, pomwe magetsi sazima, kumene chinthucho sichingamupeze. Amayi okha anati, "Kuchipatala." Ine ndinati mwina.

Achimwene, sindinaonepo ntchito yothamanga chonchi. Azimayi a mapemphero anabwera ndi makasu, atamanga mipango kumaso, akuimba. Dzuwa lisanapendeke nyumba inali yofiira ngati kale, maluwa a pakhomo ali m'ngolo. Alamu amagwira ntchito ya anthu atatu, ndipo sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi. Akudziwa. Mlandu wachoka pangolo yawo wapita ku Pretoria, ndipo sakuoneka kuti akufuna kuubweza.

Pepala lanu ndinalipereka kwa dokotala kumbali, Amayi ali kogula phala. Analiwerenga, anandiyang'ana, analiwerenganso. Akuti impso zavulala, komanso magazi akuthamanga kwambiri, zomwe zimachitikanso kwa apakati ena, ndiye sangalumbire kuti chayambitsa n'chiti. Amugoneka mpaka adzachire. Mtima wa mwana ukumveka. Nditafunsa ngati mwanayo ali bwinobwino, anati tidzaona akabadwa.

Ine andikhululukira, popeza ndinalapa. Inu ayi. Abale a ku Dedza auzidwa. Chithunzi chanu chija cha gauni achichotsa pakhoma. Amayi sakudya, akungoti, "Ndinamulakwira chiyani mwana ameneyu?"

Ndinayeza ziwirizi, dzina lanu ndi mimba ya Vaileti, popanda makina. Ngati ndinalakwitsa, mundiuze.

Ennie

Pretoria
21 Meyi 2007

Mlongo wanga,

Moni. Sunalakwitse. Kalata yako ndinaisiya masiku angapo osayankha chifukwa zomwe ndimafuna kulemba poyamba sizinali zabwino. Tsopano ndikuti sunalakwitse.

Usawauze zoona Vaileti asanachire, angamutulutse m'chipatala. Akachira, mwana akalimba, udzayambe pang'onopang'ono. Ine ndidikira. Uwakakamize Amayi kudya.

Ndatumiza tizovala ndi kabulangete. Simenti ya pansi utenge kusitolo kwanuko, tidzakambirana. Ufunse alamu kuti dothi anakwirira pati, ndipo dzenjelo linali lakuya bwanji. Ukaone ndi maso ako. Dothi limenelo silitha mphamvu, zidzukulu za zidzukulu zathu zidzalipeza lili chimodzimodzi.

Undilembere tsiku lomwelo. Usiku sindikugona.

Nedson

Kawale
24 Juni 2007

Achimwene,

Moni, amalume. Ndi wamkazi. Wabadwa Lachinayi, masiku ake asanakwane, pa opaleshoni. Ndi wochepa, woti n'kukwana m'bokosi la nsapato, koma analira, ndipo akuyamwa. Zala ndinawerenga ndekha, zakwana. Zam'kati dokotala akuti sangaone lero, tizipita naye kusikelo osadumphitsa, zina zimaoneka mwana akamakula. Vaileti kutupa kwatsika. Impso akuti aziziyang'anira, mwina moyo wake wonse. Ndikamunyamula mwanayo ndimamuyang'anitsitsa mpaka Vaileti amandilanda, osadziwa chomwe ndikufunafuna. Inenso sindikudziwa.

Tizovala tanu tinafika. Amayi anatitentha kuseri kwa nyumba, phukusi osalimasula. Kabulangete ndinali nditakachotsa kale, ndinati ndagula pakaunjika, ndiye mwana akufunda kanu osadziwa.

Dzulo ndinayesa kuyamba pang'onopang'ono monga munanenera. Ndinati, "Amayi, bwanji zitakhala kuti dothi lija linali loipa lokha, kuchokera komwe linachokera, achimwene osalakwa kanthu?"

Anandiyang'ana ngati ndayambanso kudwala. "Tinazira Disembala, mwana anali bwinobwino. Iwe unapala dothi, mwana anatupa. Tinachotsa dothi lomangidwalo, mwana wachira. Umboni wina ukuufuna wotani?" Kenako anatsitsa mawu. "Wakutumanso?"

Ndinati ayi. Bodza langa lachiritsa munthu, ndiye lakhala loona kuposa pepala la abwana anu. Musabwere chaka chino. Amayi akuti mwanayu musadzamuone, musadzamve ndi dzina lomwe. Dzina lake ndi Chisankho.

Za dzenje ndinafunsa. Alamu anati anakwirira kwakuya ndithu. Nditati tiyeni mukandionetse, anayamba kukamba za abulu, kuti tsiku lija anatopa, kunja kumada, nthaka inali yolimba. Anakakhuthula m'nkhuti ya njerwa kumapeto kwa Chinsapo, n'kuwazapo udzu pamwamba, ati amafuna kubwererako ndi khasu. Ndinawakoka mpaka kumeneko. Udzu tinaupeza. Pansi pake ndi popalidwa bwino, mpaka dothi lofiira.

Ndine mlongo wanu,
Ennie

Lolemba, a Shaibu asananyamuke. Ndadzera pamsika wa Chinsapo. Pakati pa a tomato ndi a usipa pali mayi wayala thumba pansi, akugulitsa dothi lachikasu loumbidwa timibulu. Azimayi oyembekezera ali pamzere.